Sorbitol mu mankhwala otsukira mano, si shuga ameneyu?

Mayi wina wanditumizira imelo, akuti anawerenga pa chubu cha mankhwala otsukira mano n'kupeza dzina loti sorbitol lili koyambirira kwenikweni kwa mndandanda wa zopangira, atafunsafunsa anamva kuti amapangidwa kuchokera ku shuga. Ndiye akuti, nanga si shuga yemweyo amaboola mano, akufunanji m'chinthu chotsukira mano?

Mayi, musataye chubucho. Zoona sorbitol amachokera ku shuga wa gulukosi, koma akamatuluka ku fakitale amakhala atasintha khalidwe. Gulukosi ndi C6H12O6, sorbitol ndi C6H14O6, kusiyana kwake ma atomu awiri okha a haidrojeni basi, koma nkhani yonse yagona pa awiri amenewo. Ku fakitale amatenga sitachi ya chimanga kapena ya tirigu, amaiphwanya mpaka isanduke madzi a gulukosi, kenako amathira mu thanki yotseka bwino n'kupoperamo haidrojeni mwamphamvu, kutentha kopitirira madigiri 100, muli ndi ufa wa nickel wofulumizitsa ntchitoyo. Gulukosi ali ndi kambali kamodzi kotchedwa aldehyde, kosachedwa kugwirana ndi zinthu zina, ndiye haidrojeni uja amakatseka kameneko.

Kakatsekeka zambiri zimasintha. Mabakiteriya a m'kamwa, makamaka Streptococcus mutans, akapeza shuga wamba amadya msangamsanga n'kutulutsa asidi amene amadya dzino, koma sorbitol amawavuta, amamugaya pang'onopang'ono moti malovu amakwanitsa kuchotsa kaasidi kochepako. N'chifukwa chake mumamupezanso mu chingamu chopanda shuga. Kutsekemera kwake ndi pafupifupi 60 peresenti ya shuga wamba, ndipo akamasungunuka pa lilime amazizira pang'ono. Koma mu chubu chanucho ntchito yake yaikulu si kutsekemera ayi, ndi kusunga chinyontho. Mukaiwala kutseka chivindikiro usiku wonse, m'mawa mukafinya mankhwala amatulukabe ofewa, mwina kungouma pakamwa pa chubu pokha, ameneyo ndi sorbitol wagwira madzi. Makampani amamugula ali madzimadzi okhathamira, 70 peresenti sorbitol, ndipo amamuikanso mu mafuta odzola ndi mankhwala akumwa a chifuwa.

Si chinthu chachilendonso m'chilengedwe, ali mu maapozi ndi mapeyala. Joseph Boussingault wa ku France anamupeza mu 1872 mu zipatso za mtengo wa Sorbus aucuparia.

Ine chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi nkhani ya vitamini C. Mu 1933 Tadeus Reichstein ku Zurich anapeza njira yopangira vitamini C kuyambira pa gulukosi, ndipo sitepe yoyamba ndi sorbitol yemweyu, kenako mabakiteriya ena amamusandutsa shuga wina wotchedwa sorbose, kuchoka apo masitepe ochepa vitamini wapezeka. Mafakitale a masiku ano anasintha masitepe a kumapeto koma poyambira ndi pomwepo, ndiye piritsi la vitamini C limene mumamwa nthawi zambiri linadutsa pa sorbitol. Ndipo sizithera apo, sorbitol mukamuchotsa madzi kamodzi n'kumulumikiza ndi mafuta mumapeza zosakanizira mafuta ndi madzi, monga polysorbate 80 amene ali mu ayisikirimu ndi mu makatemera ena, mukamuchotsa madzi kawiri mumapeza isosorbide amene amapangira pulasitiki komanso mankhwala a ululu wa mtima aja a isosorbide dinitrate, ndipo ena amamugwiritsa ntchito popanga pulasitiki wa polyurethane wolimba woteteza kutentha.

Pamene ndikufuna musamale ndi pa zodya, m'mene sorbitol amamulemba kuti E420. Matumbo samuyamwa yense, wotsalayo amakoka madzi ndipo mabakiteriya a m'matumbo amamuwiritsa, ndiye munthu akadya masiwiti opanda shuga ambiri mimba imadzadza mpweya mpaka kutsegula, ana ndiye sachedwa. Ku European Union chakudya chokhala ndi zotsekemeretsa za mtundu umenewu zopitirira 10 peresenti chimayenera kulembedwa chenjezo la zimenezi. Ndipo amene anabadwa ndi vuto loti thupi lawo siligaya fructose, shuga wa m'zipatso, asamudye n'komwe, chifukwa chiwindi chimamusandutsa fructose yemweyo. Wa m'chubu uja ndi wochepa ndipo mumalavula, pitirizani kutsukira.