Mpira wanu wa bowling musapite nawo kwa mmisiri wa mumsika

Achimwene ena a ku Matawale andilembera imelo. Amapita ku Joni pafupipafupi kukaoda katundu, ndipo kumeneko anazolowera bowling, masewera ogubuduza mpira wolemera kuti ugwetse timitengo toimika totchedwa mapini, mpaka kugula mpira wawowawo wolemera mapaundi 15. Chikuwadandaulitsa n'chakuti mpira wa mnzawo, wolemera chimodzimodzi, umakhota bwino ukamayandikira mapini, koma wawo umangowongoka. Akufunsa ngati mmisiri wa mumsika wa Zomba angawaboolere bowo lina m'mbali kuti uzikhota.

Achimwene, musatero. Kuyambira pa 1 Ogasiti 2020, bungwe la USBC, loyang'anira malamulo a bowling ku America, linaletsa bowo lililonse limene simulowetsamo chala poponya. Komanso bowo si limene limayambitsa kukhota.

Yambani mwaona chikopa cha mpirawo. Leni, njira imene mpira umadutsamo, ndi yotalika mafiti 60 kukafika pa pini yakutsogolo, ndipo nthawi zambiri amapaka mafuta pamafiti pafupifupi 40 oyambirira. Mpira umaterereka pamafutapo, ukafika pouma n'kugwira, kukhota, kenako n'kumagubuduka. Wa pulasitiki sugwira kwenikweni, ndipo osewera odziwa amausungira kugwetsera mapini otsala. Wa chikopa cha mtundu wina chotchedwa reactive resin umamwa mafuta ndipo umaluma pouma. Kafukufuku wa USBC yemweyo anapeza kuti kukhakhala kwa chikopa ndiye kumalamula kwambiri kayendedwe ka mpira. Zili ngati galimoto yokwera ku Chawe mvula itagwa: injini ikhale yamphamvu bwanji, matayala akakhala osalala simupita patali. Ndikukayikira kuti wanuwo ndi wa pulasitiki.

Ngati si wa pulasitiki, tilowe mkati. Muli chinthu cholemera chotchedwa core, ndipo pabokosi amalemba manambala awiri. Yoyamba ndi RG, yosonyeza mmene kulemera kwagawikira mkati mwa mpira, ndipo imakhala pakati pa 2.46 ndi 2.80. Ikachepa ndiye kuti kulemera kwaunjikana pakati, mpira umayamba kuzungulira msanga n'kugwira leni mofulumira. Ikakwera, mpira umapita patali usanakhote. Nambala inayo ndi differential, yosonyeza mmene core yatalikira mbali imodzi kuposa inzake, ndipo malamulo salola kuti ipitirire 0.060. Iyi ndi imene ine ndimaiyang'anitsitsa. Core ikakhala yaitali mbali imodzi, mpira umapendekeka pang'onopang'ono pamene ukuyenda, choncho ukazungulira kamodzi, mbali yatsopano yopanda mafuta ndi imene imakhudza leni. Mpira wa mnzanu ukabwerera, muuone: mupeza mizere ya mafuta ingapo yotalikirana. Pa wanu mwina pali umodzi wokha.

Kaboolede kamangosankha mmene core ikhalire mpira ukamachoka m'manja mwanu. Pampira pali kadontho kamtundu kotchedwa pin, kosonyeza nsonga ya core. Ndiye pali malo amene mpira umazungulirapo mukangouponya, otchedwa PAP, ndipo munthu aliyense ali ndi pake malinga ndi dzanja lake. Pin ikatalikirana ndi PAP ndi mainchesi 3 3/8, mizere ija imatambasuka kwambiri. Mukaikankhira ku mainchesi 5 kapena 6, mpira umachedwa kugwira. Pin ya pamwamba pa mabowo a zala imaukhotetsa mochedwa koma mwaukali, ya pansi pa mabowowo imayamba msanga mofatsa. Mipira ya core yosafanana mbali zake ili ndi kachizindikiro kena kowonjezera, ndipo oboola ambiri amayeza zonsezi ndi njira ya dual angle imene katswiri wokonza mipira ya bowling, Mo Pinel, anaitchukitsa.

N'chifukwa chake kukopera mabowo a mnzanu n'kutaya ndalama, PAP wake si wanu. Ndipo mmisiri wathu wa mumsika, ngakhale aluso chotani, sanakuoneni mukuponya.

Mukapitanso ku Joni, lowani mu pro shop, sitolo yogulitsa ndi kuboola mipira ya bowling, ya pamalo amene mumaseweralo. Aone kaye kaponyedwe kanu, ayeze PAP, kenako mukambirane za mpira wa reactive resin wosaboola. Muwapemphenso aone mmene dzanja lanu limatulukira, poti ngati simuupotoza mpirawo m'mbali, ngakhale wodula ungowongoka basi.