Kwa bambo amene akufuna kumanga ngati ku Stellenbosch

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa bambo wina wa kuno ku Chipata, amene ali ndi malo m'mbali mwa msewu wopita ku Mfuwe ndipo akufuna kumangapo nyumba yofululira vinyo wa mango ndi masuku. Funso lawo ndi lakuti: kodi angatengere kamangidwe ka nyumba zoyera za m'minda ya mphesa ya ku Stellenbosch ku South Africa, kuti alendo opita ku South Luangwa aziima? Bambo, mwandigunda pachilonda, chifukwa maganizo amenewa anandilowapo ine zaka zambiri zapitazo, ndipo amene analipira mtengo wake anali amalume anga.

Ndili mnyamata ndinagwira ntchito ya umisiri zaka zinayi m'chigawo cha Western Cape, kumene kuli Stellenbosch, kukonza makoma ndi madenga a nyumba zakale za m'mafamu a mphesa. Maso anga anakopeka ndi khoma lakumaso lija, lotalika ndi lopindikapindika pamwamba pa khomo, limene amalitcha gable. Nditabwerera kwathu, amalume anandipempha kuti ndiwamangire nyumba yosungiramo migolo ya vinyo wa uchi amene ankayesa kufulula. Ndinawamangira gable wokongola, ndinapaka laimu woyera mbee, koma makoma ndinayala njerwa imodzi ndipo denga ndinafolera ndi malata opanda siling'i. Okutobala atafika, m'katimo munali ngati m'chigafa chowotchera fodya. Madzi a uchi akamawira amatulutsa kutentha kwawokwawo, ndipo kukaonjezereka kwa dzuwa yisiti imafooka n'kusiya ntchito pakati, kenako chakumwa chimasasa. Migolo isanu ndi umodzi tinakaitaya kudzala. Amalume anali atagulitsa mtedza wa chaka chonse kuti agule uchiwo, ndipo sanandikalipire, zimene zinandipweteka kuposa mawu aliwonse.

Chimene ndinalephera kuona, ngakhale manja anga anachigwira tsiku ndi tsiku, n'chakuti nyumba za ku Cape zija zimazizira chifukwa cha makoma okhuthala pafupifupi theka la mita, mazenera ochepa, mitengo ya oak yozungulira bwalo, ndiponso denga la udzu wochindikala. Vinyo amafuna malo a madigiri pakati pa 12 ndi 16, osasinthasintha usana ndi usiku. Gable alibe gawo lililonse pa ntchito imeneyi.

Palinso china chimene sindingachimeze. Groot Constantia, famu ya mphesa ya ku Cape imene Simon van der Stel anaikhazikitsa mu 1685, ili ndi nyumba yotchuka yosungiramo vinyo yotchedwa Cloete Cellar, yomangidwa mu 1791, ndipo zosema za pamwamba pa khomo lake anazipanga Anton Anreith. Dzina lake limadziwika, koma mayina a akapolo amene anaumba njerwa, kusenza miyala ndi kuponda mphesa m'mafamu a kumeneko mpaka ukapolo utathetsedwa mu 1834 sakumbukika kwenikweni. M'mafamu ambiri belu loitanira akapolo likadalipo, lopachikidwa pakati pa zipilala ziwiri zoyera, ndipo alendo amajambulitsa pomwepo akumwetulira. Ine ndikukana kwamtuwagalu kuti Mchewa kapena Mngoni wa kuno adzimangire chifaniziro cha nyumba zimenezo m'mphepete mwa phiri lathu, ngati kuti tilibe kamangidwe kathu. Mlendo amene wadutsa kale ku Franschhoek, pafupi ndi Stellenbosch, sadzaimitsa galimoto kuti aone chithunzithunzi cha zimene anaziona kale zenizeni.

Ndikudziwa kuti masiku ano eni minda ya mphesa amapikisana pa maonekedwe. Ku Elciego, m'dera la Rioja ku Spain, katswiri wojambula mapulani a nyumba Frank Gehry anajambulira kampani ya vinyo ya Marqués de Riscal hotelo ya denga lachitsulo lopiringizika, imene inatsegulidwa mu 2006, ndipo anthu amapitako kukaona nyumbayo. Komabe ine mtima wanga uli pa nyumba yofululira vinyo ya Dominus ya ku Napa Valley ku America, imene akatswiri a mapulani Herzog ndi de Meuron anaizinga ndi madengu a waya odzaza miyala ya m'dera lomwelo, kotero kuti miyalayo imamwa kutentha masana n'kukutulutsa usiku. Madengu otere timawaona kuno akutchinjiriza milatho kuti isakokoloke, ndipo miyala ili mbwee m'mapiri ozungulira Chipata. A Antinori, ofulula vinyo a ku Tuscany ku Italy, nawonso anakwirira nyumba yawo yatsopano m'mimba mwa phiri kuti nthaka iziziritse migolo popanda makina. Kwa ife amene magetsi amatithimira maola ambiri, nzeru imeneyi ndi yofunika koposa mmene ilili kwa iwo. Ndipotu agogo athu ankaidziwa, pakuti mtsuko wa thobwa sankauika pakhonde lakumadzulo, ndipo nkhokwe ankaifolera ndi udzu wotsika m'mbali kuti dzuwa lisafike pachimanga.

Zoti muchite pamalo anuwo

Ngati malowo ndi otsetsereka, kumbani kuti chipinda cha migolo chilowe m'nthaka mbali zitatu, ndipo polandirira ndi pofinyira zipatso pakhale kumtunda kuti madzi ake azitsika okha popanda pampu. Kumbuyo kwa khoma ikani miyala ndi ngalande, chifukwa mvula yathu ya Disembala mpaka Malichi ikakhuta m'nthaka imalowa m'nyumba. Khoma lakumadzulo likhale la njerwa ziwiri, lopanda zenera, lotetezedwa ndi khonde lalikulu, ndipo denga likhale la udzu kapena malata okhala ndi siling'i yochindikala. Pansi pakhale simenti yopendekera kungalande kuti muzitsuka mosavuta. Chonde musaiwale mabowo otulutsira mpweya m'munsi mwa khoma la mbali yotseguka, pakuti mpweya wa carbon dioxide umene umatuluka vinyo akamawira ndi wolemera, umadikha pansi, ndipo wapha anthu ambiri m'zipinda zotere m'mayiko a mphesa. Malo okhala alendo muwamange pomaliza, pansi pa mitengo ya mango imene mwanena kuti ilipo kale, ndipo mukafika pokumba maziko mundilembere kuti ndidzaone mmene nthaka yake ilili.