Mfumukazi yaulere yomwe inakudyetsani masewero pa muvu 7

Kalata ya sabata ino yachokera ku Chinamwali. Achimwene ena omwe amasewera chess Loweruka lililonse pakalabu ina kuno ku Zomba akuti anagonja pa muvu 7 atadya mfumukazi ya mnzawo. Sabata yotsatira iwo anatchera munthu wina msampha womwewo, koma anangotayapo kavalo. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi msampha umenewu ndi weniweni, kapena ine ndinangokhala ndi tsoka kawiri konse?"

Achimwene, tsoka palibepo. Yalani bolodi tionere limodzi. Polemba mamuvu, N ndi kavalo, B ndi bishopu, Q ndi mfumukazi, K ndi mfumu, x ndi kudya, + ndi kuopseza mfumu. Zolemba ngati e4 ndi maina a malo pabolodi, ndipo muvu wopanda chilembo chachikulu ndi wa poni. Pa masewero oyamba inu munali ndi zakuda.

1.e4 e5 2.Nf3 d6. Palibe cholakwa apa. Kutseka kotereku kumatchedwa Philidor, dzina la katswiri wa ku France wa zaka za m'ma 1700. 3.Bc4 Bg4. Bishopu wa zoyera walozetsa pa f7, pomwe mlonda wake ndi mfumu yokha. Inu mwamanga kavalo wa pa f3, poganiza kuti sangasunthe chifukwa kumbuyo kwake kuli mfumukazi. 4.Nc3 h6.

Apa ndi pomwe padagona nkhani, osati pomwe mukuganizira inu. Mwalemba kuti h6 munasewera poopa kuti kavalo abwera pa g5. Kavalo uti? Yemwe uja mwangomumanga kumene? Komanso pa g5 mfumukazi yanu inali ikulondera kale kuchokera pa d8. Mwataya muvu pothamangitsa mbala yomwe kunalibe, pamene akavalo anu onse awiri akadali m'khola. Werengani: zoyera zatulutsa zida zitatu, inu chimodzi. Mukadasewera 4...Nf6 kapena 4...Nc6, zonse zotsatirazi sizikadachitika.

5.Nxe5! Kavalo womangidwa uja wadula chingwe. Dziwani kuti chida chimamangika zenizeni pokhapokha kumbuyo kwake kuli mfumu, chifukwa lamulo sililola kuchisuntha. Kukakhala mfumukazi, mwini wake ali ndi ufulu woipereka ngati waona phindu lina.

5...Bxd1. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndikudziwa mmene mtima umagundira pamenepa, dzanja limafika pa bishopu mutu usanavomereze. Inenso zinandionekera ndili mnyamata ku Matawale. Mdala wina yemwe ndinkangomudziwa ngati katswiri wa bawo anandisiyira mfumukazi, n'kuyamba kupukuta magalasi ake ndi kumunsi kwa malaya ngati sakuona. Ndinadya mosangalala, ndipo iye sanandiyang'ane n'komwe.

6.Bxf7+ Ke7. Kwina kolowera kulibe: bishopu simungamudye poti kavalo wa pa e5 akumuteteza, ndipo kavalo yemweyo watseka d7. 7.Nd5, chekimeti: mfumu ilibe kothawira, masewero atha. Mfumu yazingidwa ndi abale ake omwe pa d8, d6 ndi f8, kwina konseko kwagwidwa ndi akavalo awiri ndi bishopu. Msamphawu uli ndi dzina la Légal, mkulu wa ku Paris yemwe anaphunzitsa Philidor uja.

Mukadadekha pa muvu 5, yankho linali 5...dxe5 6.Qxg4. Mukadatsala ndi poni mmodzi wochepa, koma masewero akadapitirira, ndipo pakalabu ngati yathuyi poni mmodzi amabwezeka.

Tsono masewero achiwiri, pomwe munali ndi zoyera. Mamuvu atatu oyamba ndi omwewo, kenako 4.Nc3 Nc6. Inu munaona bishopu ali pa g4, munakumbukira chilonda cha sabata yatha, n'kudumphira 5.Nxe5. Mnzanuyo anangoyankha 5...Nxe5. Kavalo wake ali pa e5 akuteteza bishopu wa pa g4, ndiye mukadya 6.Qxg4 mfumukazi yanu yapita. Bishopuyo akulozabe pa d1, ndipo kavalo akuopsezanso bishopu wanu wa pa c4. Kavalo mwagulitsa pamtengo wa poni. Munaloweza chithunzi cha msampha, koma simunaone kuti sabata yatha pa c6 panalibe kanthu.

Chomwe chikundisangalatsa n'chakuti pamalo omwewo msampha umathekabe, ukungofuna muvu umodzi wokonzera: 5.h3. Funsani bishopuyo komwe akupita. Akadya 5...Bxf3, mumabwezera 6.Qxf3 ndipo mwayamba kale kuopseza chekimeti pa f7. Akabwerera 5...Bh5, apo ndiye 6.Nxe5 imagwira, chifukwa kavalo wa pa e5 safika pa h5 kuti ateteze. Zimayenda motere: 6...Nxe5 7.Qxh5 Nxc4 8.Qb5+, kenako mfumukazi imatola kavalo wa pa c4, inu n'kutsala ndi poni woonjezera. Akachita dyera n'kudya pa d1, chekimeti ija ya 7.Bxf7+ Ke7 8.Nd5 ikumudikira.

Mwachita bwino kulemba mamuvu anu papepala, ambiri pakalabu amadalira kukumbukira kenako n'kumakangana kuti poni anali pati. Loweruka likubwerali ndidzakhala m'tauni m'mawa, mvula ya kuphiri ikalola ndidzadutsa masana. Mudzandisungire zakuda, ndikufuna ndione ngati 5.h3 mudzaipeze nokha.