Foni ikakuuza kuti boma lonse n'lovunda

Mnyamata wina wafunsa kuti: "Agogo, ine ndinasiya kukhulupirira makhoti, Nyumba ya Malamulo ngakhalenso bungwe loyendetsa zisankho. Ndikatsegula foni ndimangoona za katangale. Bambo anga amati ndikuwachitira mwano ndikawauza kuti wailesi imene amamvera imawanamiza. Wolakwa ndani?"

Mdzukulu wanga, ndiyambe ndakufunsa iwe: maganizo amenewa anakubwerera liti? Ngati anayamba chipani chako chitagonja, chenjera. Ofufuza za ndale anaona m'maiko ambiri kuti amene anavotera wopambana amakhulupirira mabungwe a boma kuposa amene anavotera wogonja, ndipo ulamuliro ukasintha magulu awiriwa amasinthana malo. Khoti n'lomwelo, oweruza omwewo, koma dzulo linali la chilungamo, lero lagulidwa.

Pa nkhani ya wailesi ya bambo ako ndichedwepo pang'ono. Mu 1985 akatswiri a ku yunivesite ya Stanford anafalitsa zimene anapeza ataonetsa ophunzira nkhani za pa kanema zokhudza kuphedwa kwa anthu ku Beirut, likulu la dziko la Lebanon, pa nkhondo imene Israel inamenya m'dzikolo mu 1982. Oikira kumbuyo Israel anati atolankhani akondera Aluya. Oikira kumbuyo Aluya anati akondera Israel. Onsewo anaonera zinthu zofanana. Ndiye ukamva mtolankhani akukubaya m'khutu, nthawi zina wakonderadi, koma nthawi zina wangonena zimene mtima wako sukufuna kumva.

Foni yakonso si mboni yosakondera. Facebook ndi TikTok zimayang'ana chimene waimapo nthawi yaitali, n'kukubweretsera zina zonga chomwecho. Ukaonera makanema atatu a nduna zakuba, mawa udzapeza ena ambiri, pomwe za woweruza amene wagamula mlandu bwino siziyenda patali chifukwa sizipsetsa mtima. Mu 2018 ofufuza a ku MIT, yunivesite ya ku America, anapeza kuti pa Twitter nkhani yabodza inkafika kwa anthu 1,500 mofulumira pafupifupi kasanu ndi kamodzi kuposa yoona. Bodza ukalimva kangapo limayamba kumveka ngati zoona, ngakhale kuti gwero lake ndi munthu mmodzi.

Uthenga ukakufika, yamba waona tsiku lake, pakuti kanema wa zaka zitatu zapitazo, mwinanso wa dziko lina, amaukitsidwa nthawi ya kampeni. Pa WhatsApp, timivi tiwiri pamwamba pa uthenga timasonyeza kuti wadutsa m'manja ambiri, woyambitsa wake sakudziwikanso. Ufufuze nkhaniyo m'nyumba zofalitsa nkhani ziwiri zosiyana maganizo. Zimene zikugwirizana, monga dzina, tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama, ugwire; zotsalazo ndi ndemanga. Ikakhala ya chigamulo cha khoti kapena lipoti la mkulu wolondoloza ndalama za boma, werenga chikalata chenichenicho, ngakhale masamba omaliza okha. Ndipo usatumize kwa ena mtima uli m'mwamba, ugone nayo usiku umodzi.

Sindikuti uzikhulupirira chilichonse. Mbava zilipodi m'maofesi, ndipo nzika yosafunsa mafunso imabedwa masana. Koma usiyanitse munthu ndi mpando. Woweruza mmodzi akalandira chiphuphu, funsa ngati apilo ilipo, ngati anafufuzidwa, ngati anachotsedwa ntchito. Pamenepo m'pamene bungwe limayesedwera. Wonena kuti "onse ndi amodzi" amasiya kuvota, amasiya kukadandaula, ndipo wakuba uja amapuma bwino.

Tsono za bambo ako. Kuwauza kuti akunamizidwa n'chimodzimodzi kuwauza kuti ndi opusa, makamaka pamaso pa anthu. Dikira mukhale awiri, uwafunse kuti, "Bambo, nkhani ija munaimva bwanji inu?" Akamaliza, uwaonetse zimene wawerenga, osati zimene wangotumiziridwa. Ukatero ukhale nawo pansi umvere wailesi yawoyo pulogalamu yonse mpaka kumapeto.