Funsani Amalume: Kusainanso Kapena Kuvula Yunifolomu

Mwezi uno makalata ambiri achokera kwa asilikali ndi mabanja awo. Ndasankhapo atatu, ndipo mayina ndabisa monga mwa masiku onse. Kwa inu amene mwangoyamba kuwerenga tsamba lino, wokuyankhaniyu anali Sitafu Sajeni, makanika wa magalimoto a asilikali, kwawo ndi ku Katete, ndipo lero ali ndi kagalaja kake ku Chawama.

FUNSO: Amalume, ndine Kopolo wa zaka 37, ndimayendetsa malole a asilikali muno mu Lusaka. Nthawi imene ndinasainira ikutha chaka chamawa. Malipiro amatha mwezi usanafike pakati, chifukwa ngongole ziwiri zimadulidwa ndalamazo ndisanazione n'komwe. Mlamu wanga akuti andipezera malo pakampani ya mathiraki opita ku Kasumbalesa ndi ku Dar es Salaam, ndipo akuti ulendo umodzi umaposa malipiro anga a mwezi. Ndisainenso kapena ndizipita? Kopolo, Lusaka.

YANKHO: A Kopolo mphwanga, sainaninso. Sindikunena kuti mudzakalambire m'kampu ayi, koma kalata yanu ikundiuza kuti kunja kuno simunakonzekere. Mwatchula ngongole, mwatchula mlamu, koma pepala ngakhale limodzi simunatchule.

Ndiyambe ndi laisensi. Ngati chimene muli nacho ndi chilolezo cha m'kampu chokha, kampani ya mathiraki sidzachiyang'ana kawiri. Kumeneko amafuna laisensi ya RTSA, bungwe loona za magalimoto pamsewu, ya kalasi CE, ya thiraki yokoka ngolo, pamodzi ndi PSV, chilolezo choyendetsa galimoto yonyamula anthu kapena katundu molipiritsa. Amafunanso pasipoti, ndipo wolowa mu Congo amafunsidwa khadi la katemera wa yellow fever. Zonsezi zimadya ndalama ndi nthawi, ndipo nzosavuta kuzipeza mwezi uliwonse ukulandira kusiyana ndi pamene wakhala pakhomo.

Ndinaperekezapo mnzanga wina kukafuna ntchito ku Industrial Area. Munthuyo ndinagwira naye ntchito ku Kaoma, ndipo ndinamuona ndi maso anga akutsitsa giyabokosi ya lole mumchenga, usiku, tochi ataluma pakamwa, m'mawa lole n'kunyamuka. Tsiku limenelo anavala jekete, nsapato atapolisha mpaka kumaoneka nkhope. Mtsikana wa mu ofesi anatsegula buku lake lotulukira usilikali, anawerenga pamene analemba za khalidwe lake labwino, anagwedeza mutu mwaulemu, kenako anafunsa kuti, "Nanga satifiketi ya umakanika ili kuti, bambo?" Mnzangayo anangoloza buku lomwelo. Tinatuluka pageti osalankhulana mpaka pa siteshoni ya basi. Mtsikanayo sanalakwe, anali ndi fomu yofuna nambala ya satifiketi, ndipo mchenga wa ku Kaoma unalibe polembapo.

N'chifukwa chake ndikuti zaka zimene musainezi zikhale zosonkhanitsa mapepala. Poti ndinu dalaivala, ndikhulupirira kuti sipanala mumaigwira. A TEVETA, oona za maphunziro a ntchito zamanja, ali ndi mayeso a trade test, ndipo munthu amene luso analiphunzirira pantchito amatha kuyesedwa n'kupatsidwa satifiketi yodziwika dziko lonse. Kozi iliyonse imene munachita ku usilikali, pemphani kalata yake, mufotokope, musunge kunyumba.

Tsopano za ndalama. Mukuyerekeza malipiro anu ndi alawansi ya ulendo, koma pali zinthu zimene sizioneka pa payslip. Ngati mukukhala m'nyumba ya m'kampu, pitani Loweruka lino ku Chelstone, ku Kabwata kapena ku Matero mukafunse lendi ya nyumba yokwana banja lanu, mufunsenso kuti eni nyumba akufuna miyezi ingati yotsogoza. Mwana akadwala lero mumathamangira ku kiliniki ya m'kampu kapena ku chipatala cha asilikali cha Maina Soko. Ngongole ziwirizo nazo sizidzatsala pageti, zidzakutsatirani. Ndipo thiraki ikaima masiku pamzere wa ku Kasumbalesa, mudzadya alawansi yomweyo.

Chachikulu kwambiri ndi penshoni. Asilikali sali ku NAPSA, thumba la penshoni la ogwira ntchito m'makampani ndi kwina, penshoni yawo ili ku Public Service Pensions Fund. Pitani ku ofesi ya malipiro mukapemphe kuti akuwerengereni ziwiri: chimene mungalandire mutachoka chaka chamawa, ndi chimene mungalandire mutamaliza nthawi ina imene musainire. Akulembereni papepala, musadalire zokambirana za ku mesi kumene asilikali mumadyera ndi kucheza. Mukalowa kukampani mudzayamba ku NAPSA kuchokera pansi, inu kuchotsedwa 5 peresenti, abwana kuikapo 5 peresenti, ndipo kuti mudzalandire penshoni ya mwezi ndi mwezi pamafunika miyezi 180, kutanthauza zaka 15. Zikapanda kukwana amangokupatsani kamodzi n'kutha. Msinkhu wopumira kwa olowa NAPSA masiku ano ndi zaka 60. Muwerenge nokha: ngakhale mutatuluka muli ndi zaka 44 kapena 45, miyezi 180 ija mutha kuikwanitsa, n'kudzakhala ndi penshoni ziwiri. Nthawi muli nayo, palibe chokuthamangitsani.

Za mlamu wanu sindikukayika mtima wake. Koma akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Muuzeni abweretse kontrakiti muiwerenge. Lamulo la ntchito la 2019, Employment Code Act, limati nthawi yoyesedwa ndi miyezi itatu, imene atha kuionjezera ndi itatu ina, ndipo pakontrakiti yopitirira chaka gratuity, ndalama yolandira kontrakiti ikatha, isachepere 25 peresenti ya basic pay. Muonetsetse basic pay imeneyo, chifukwa alawansi ya ulendo ikhoza kukhala yonona pamene basic ili yowonda, ndipo gratuity amawerengera pa yowondayo.

Ngongole zija, musatengenso yachitatu yotsekera ziwirizo. Pitani kumene munakongola mukafunse ndalama yotsala ndi mwezi umene idzathe, mulembe pakhoma. Tsiku lovula yunifolomu likakupezeni payslip ili yoyera.

FUNSO: Amalume, amuna anga anapuma usilikali miyezi inayi yapitayo. Ndalama za penshoni sizinatuluke, koma achibale ayamba kale kubwera, aliyense ndi vuto lake. Iwo akuti zikangotuluka agula minibasi ziwiri zoyenda ku Mtendere. Nyumba yathuyathu tilibe, ana awiri akadali kusukulu, ndipo ndamva kuti ayamba kutenga kaloba. Ndikalankhula amati ndalamazo anagwirira ntchito ndi iwo. Ndichite chiyani? Mayi wodandaula, Lusaka.

YANKHO: Mayi, kalata yanu yandikhudza, chifukwa zimene mukuopazo ndimaziona zikulowa pageti la galaja yanga.

Choyamba, kaloba aleke lero. Malamulo aakulu a dziko lino, monga anakonzedwera mu 2016, pa Article 189, amanena kuti munthu amene sanalandire penshoni yake pa tsiku lomaliza ntchito aleke ntchitoyo koma dzina lake likhalebe pamndandanda wa malipiro, azilandira monga ankalandirira kufikira penshoniyo itaperekedwa. Choncho funsani bambo mofatsa ngati malipiro akulowabe kubanki. Ngati akulowa, palibe chifukwa cha kaloba. Ngati anaima, alembe kalata ku ofesi ya malipiro kutchula Article imeneyi, asunge kope lodindidwa. Zikakanika pali ofesi ya Public Protector, palinso Legal Aid Board ya anthu amene sangathe kulipira loya.

Kawirikawiri fayilo imaima pa zinthu zazing'ono. Dzina pa NRC lalembedwa Mbewe, pakalata yolowera ntchito Mbewa. Chaka chobadwa chasiyana pamapepala awiri. Akaunti ya kubanki inatsekedwa. Khalani pansi nonse awiri, muyale pamphasa NRC, kalata yolowera ntchito, kalata yopumira, ma payslip omaliza, mtchatho wa ukwati ndi mapepala obadwira ana, muone chilembo ndi chilembo. Nambala ya fayilo muilembe m'kabuku. Wina akabwera kuti ali ndi munthu wake m'kati, mum'patse kangachepe kuti fayilo ithamange, m'bwezeni.

Tsopano minibasi. Ine ndimadyera magalimoto owonongeka, komabe ndikuti ayi. Mwezi woyamba dalaivala amabweretsa kashingi yokwana, nyumba yonse chimwemwe. Mwezi wachitatu ayamba kuti lero kunalibe anthu, mawa apolisi, mkuja tayala. Pali inshuwalansi, road tax, fitness, mabuleki amene amatha msanga chifukwa choima paliponse. Kenako tsiku lina basi imabwera yokokedwa ndi chingwe, injini itagogoda chifukwa oilo sanasinthidwe, dalaivala foni wazimitsa. Mwini wake amaima pambali panga manja kumbuyo, monga ankaimira pa perete, kundifunsa ngati ndingayambe ntchito ndalama adzapereka mwezi ukatha. Bizinesi imeneyi imapindulira munthu amene anakulira pa siteshoni ya mabasi ya Kulima Tower kapena amene akuyendetsa yekha. Wongodikira kashingi kunyumba imamudya.

Nyumba iyambe. Koma puloti musagule kwa anyamata oyeza ndi mapazi m'makomboni, chifukwa nyumba zomangidwa pamalo a eni timaziona zikugwetsedwa. Kafufuzeni ku khonsolo ndi ku Unduna wa Malo kuti malowo ndi a yani musanapereke ngwee. Ngati maganizo ali obwerera kumudzi, ku Katete, ku Chadiza kapena ku Petauke, malo a mfumu ndi abwino, koma ndalama zonse zisathere mu chimanga chodalira mvula. Tonse tikukumbuka chilala chimene boma linalengeza kuti ndi tsoka la dziko mu February 2024. Amene anali ndi dimba ndi mjigo anadya, ena anatsala ndi mapesi.

Langizo limene ndimapatsa aliyense ndi ili: ndalama zikalowa, zisakhudzidwe miyezi itatu. Kudzera kubanki yanu mutha kugula ma Treasury bill a boma, kutanthauza kubwereketsa boma ndalama kwa nthawi yochepa, a masiku 91, 182, 273 kapena 364. Ndalama ikakhala kumeneko imabala pang'ono, ndipo wobwera kudzapempha mumamuuza zoona kuti yatsekeredwa. Achibale musawatayiretu, ena mwa iwo ndi amene analera bambowo. Mugwirizane gawo limodzi la achibale, ligawidwe kamodzi pamaso pa akuluakulu a banja, zithere pomwepo.

Mawu akuti ndalama anagwirira ntchito ndi iwo andiwawa. Pamene iwo anali ku operation miyezi yambirimbiri, anatsala ndi ana ndani? Anasamuka ndi mapoto kuchoka ku kampu ya Gondar kupita ku ya Chindwin, kuchoka kumeneko kubwera ku Lusaka, ndani? Komabe ndikupempheni kuti muwamvetse pang'ono. Mwamuna amene dzulo ankapatsidwa ulemu pageti, lero palibe womuitana ndi udindo wake, ndipo minibasi ziwiri zikumulonjeza kuti adzatchedwanso bwana. Musawayambe pamaso pa ana kapena pa abale awo. Zikavuta itanani ankhoswe, kapena mnzawo amene anapuma kale ndipo amamumvera.

Muwapemphenso alembe wilo. Popanda wilo lamulo la 1989 limagawa chuma motere: 50 peresenti kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, 10 kwa ena amene ankadalira malemuyo. Ndi bwino nonse mudziwiretu zimenezi mukadali ndi moyo.

FUNSO: Amalume, ndinatuluka usilikali chaka chatha. Ndinagwirako ntchito yosungitsa mtendere ku Birao, m'dziko la Central African Republic. Munthu wina pa WhatsApp akuti pali ntchito ya ulonda kunja kwa dziko, malipiro ndi madola, koma nditumize ndalama ya fomu ndi pasipoti yanga. Kuno ntchito imene ndikupeza ndi ya ulonda wa pageti basi. Ndipite? Msilikali wakale, Kanyama.

YANKHO: Mphwanga, musatumize ndalama, ndipo pasipoti isachoke m'manja mwanu. Kampani yopezera anthu ntchito iyenera kukhala ndi chilolezo chochokera kwa Labour Commissioner, ndiye m'funseni munthuyo dzina la kampani ndi pamene pali ofesi yake, mukafunse ku Unduna wa Zantchito. M'funseninso munthuyo kuti dzikolo ndi liti, mukalondera chiyani, ndipo mukavulala adzakubwezani kwanu ndani. Munthu wodziwa mfuti amafunidwa ndi anthu amene sanena zonse. Mu 2022 dziko lino linalira mnyamata wathu amene anapita ku Russia kukaphunzira, n'kumangidwa kumeneko, kenako n'kuchotsedwa kundende kupita kunkhondo ya ku Ukraine kumene anakafera. Ku Birao munapita pansi pa mbendera ya Zambia ndi ya United Nations, ndi adokotala anu ndi akuluakulu okuyankhirani. Uku mukapita nokha.

Ulonda wa pageti si wonyozeka, koma inu mungathe kupempha zoposa pamenepo. Migodi ya Kansanshi, Lumwana ndi Sentinel, mabanki ndi maofesi a akazembe amafuna anthu oyang'anira alonda, odziwa kulemba lipoti, kugwiritsa ntchito wailesi ya mauthenga, kuzimitsa moto ndi kupereka chithandizo choyamba. Pa CV musangolemba udindo wa usilikali, chifukwa wowerengayo mwina sadziwa kusiyana kwa Kopolo ndi Sajeni. Lembani kuti munkayang'anira anthu angati, katundu wotani, kwa nthawi yaitali bwanji, muikepo satifiketi ya mendulo ya United Nations ngati munalandira. Adzakufunsaninso police clearance, choncho pitani mukadinde zala sabata ino kuti pepalalo lidzakhale lili m'manja tsiku limene adzakuitanani.