Tizikondana kapena tidzikondana?

Funso: Zikomo aphunzitsi. Ife amayi a mumpingo mwathu kuno ku Kasungu tikusindikiza nsalu ya msonkhano wa chaka chino. Mutu wake tautenga pa Aroma 13:8-10, paja pakuti wokonda mnzake wakwaniritsa lamulo. Wosindikiza watitumizira chitsanzo cholembedwa kuti TIDZIKONDANA. Ena akuti zili bwino, ena akuti ayi. Komanso tilembe chikondi kapena chikondano? Ndine mlembi wa gululi.

Yankho: Amayi, muimbireni foni wosindikizayo asanayatse makina. Achotse d ameneyo. Palembedwe TIZIKONDANA.

Timawu ta -zi- ndi -dzi- timamveka mofanana pakamwa pa anthu ambiri, koma ntchito zake n'zotalikirana. Ka -zi- kamalangiza chinthu choyenera kuchitika masiku onse: uzipemphera, muzifika msanga, tizicheza ndi odwala. Ka -dzi- kamabweza ntchito kwa mwini wake: wadzicheka, akudzitama, anadzipereka. Munthu wodzikonda tonse tikumudziwa, ndi uja amayamba wasankha nthuli yaikulu alendo asanasambe m'manja. Ndiye mukalemba kuti "udzikonda mnzako", lamulo limene Yesu analiika pambali pa kukonda Mulungu mwalitembenuza kuti liziloza pamimba panu.

Omasulira Buku Lopatulika, lija linatuluka mu 1922 William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed akutsogolera ntchitoyo, anaika timawu tonse tiwiri m'chiganizo chimodzi. Tsegulani Mateyu 22:39: "Uzikonda mnzako monga udzikonda iwe mwini." Mneni woyamba alibe d, wachiwiri ali naye. Vesi imeneyi ana a Sande sukulu amailoweza pamtima, koma akakula n'kugula foni amalemba mosemphanitsa.

Nayi njira yodziyesera. Ka -dzi- kamakhala pamalo pa amene ntchito ikumugwera: uzimukonda, uziwakonda, uzidzikonda. Mwaona m'mawu omalizawo, tonse tiwiri tandondozana, -zi- patsogolo, -dzi- pambuyo, ndipo palibe kakulanda malo a kanzake. Tsono "tidzikondana" ndi mawu odzitsutsa okha. Ka -dzi- kakuti ntchito ithere pa munthu mmodzi, pomwe -an- wa kumapetoyo akuti pakhale awiri kapena ambiri, wina kwa mnzake, monga mu kuthandizana ndi kukhululukirana. Zonse ziwiri sizingatheke pa mneni mmodzi.

Matendawa ine ndikuti anachokera ku "dzipita!" ndi "dzibwerani!" wa pakamwa. Lilime linazolowera kulemetsa z woyambirira mawu, kenaka chala chinatsatira lilime. Kale Chichewa Board, imene inakhazikitsidwa mu 1972, inkadzudzula zotere pa wailesi ya MBC, ndipo ife tinkamvetsera ngati tikumvera chigamulo cha khoti. Mphunzitsi wathu wa Sitandade 6 akapeza -dzi- wosochera ankangofunsa kuti, "Akudzichita yekha ndani pamenepa?" Ukasowa yankho, unkakatola zinyalala. Lero cholakwikachi chili pa zikwangwani za misonkhano yachitsitsimutso, pa magalasi a minibasi, pa mauthenga a WhatsApp a abusa amene, ndipo wodandaula palibe.

Pa funso lanu lachiwiri sindiuma mtima chotero. Mawu onse awiri ndi Chichewa chabwino, koma sakula mofanana. Pa Aroma 13:10 Buku Lopatulika linasankha chikondano, pomwe pa 1 Akorinto 13 linasankha chikondi, ngakhale Paulo m'Chigiriki anagwiritsa ntchito liwu limodzi lomwelo, agape. Ndikhulupirira kuti omasulirawo anakokedwa ndi vesi 8, pamene Paulo akuti tisakhale ndi mangawa kwa munthu aliyense koma kukondana. (Mangawa! Liwu lokoma chotere tinalitayiranji? Ana a masiku ano amangodziwa ngongole ndi katapila.) Ganizo la Paulo n'lomveka: usachite chigololo, usaphe, usabe, usasirire, zonsezi wokonda mnzake sangazichite, choncho wasunga lamulo lonse osaliwerenga pa zala. Pa Agalatiya 5:14 akubwereza zomwezo.

Koma chikondano chimafuna kuti mnzakoyo abweze. Nanga mdani wa pa Mateyu 5:44, amene tauzidwa kumukonda iye akutizunza? Nanga munthu uja anamenyedwa ndi achifwamba pa njira ya ku Yeriko, ali thapsa, akanabweza chiyani kwa Msamariya? Pamenepo -an- sakwana. Chikondi chimatha kuyenda ulendo wopita wokha, n'chifukwa chake ndicho chachikulu. Vuto lake n'lakuti oimba analichepetsa liwuli mpaka likungotanthauza chibwenzi. Mtsikana akati "ndili m'chikondi", chomwe ndi Chingerezi chovala chitenje, palibe amaganiza za kudyetsa amasiye. Poti nsalu yanu ndi ya anthu a gulu limodzi olangizana okhaokha, lembani chikondano, simulakwa. Mukafuna kuti uthenga ufike ndi kwa amene sakupatsani moni, lembani chikondi.

Chimodzi chokha ndikupemphani: wina asakunyengeni kuti mulembe "neba". Ndamvapo mlaliki wachinyamata akufuula kuti "konda neba wako". Neba ndi wa kuseri kwa mpanda, amene mumabwerekana naye mchere. Wachilamulo wa pa Luka 10:29 anafunsa kuti mnansi wake ndani, pofuna kuti mzere wa oyenera kukondedwa ufupike, ndipo "neba" akuufupikitsa kuposa mmene iye ankafunira. Mnzako ndi aliyense amene wakumana naye, kaya m'basi, kaya pa chigayo, kaya ndi wa mpingo wina.