Aby Warburg, amene anasinthanitsa banki ndi mabuku

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene akuphunzira ku London. Akuti amadutsa pa Woburn Square pafupipafupi n'kumaona dzina lakuti Warburg Institute pakhomo la nyumba ina, ndiye akufunsa kuti Warburg ameneyu anali ndani, nanga dzina la Chijeremani likutani pakati pa London.

Achimwene, nkhaniyi imayamba ngati ya Esau. Aby Warburg anabadwira ku Hamburg mu 1866, mwana wachisamba m'banja la Ayuda eni banki ya M. M. Warburg. Mpando wa bankiyo unali wake. Ali ndi zaka 13 anauza mng'ono wake Max kuti autenge, bola azimugulira buku lililonse limene angafune moyo wake wonse. Max anavomera. Mphodza za Esau zinatha tsiku lomwelo, koma za Aby sizinathe m'mbale mpaka imfa, ndipo wolipira anali Max ndi abale ake.

Aby anaphunzira mbiri ya zojambulajambula ku Bonn, ku Munich ndi ku Strasbourg, ndipo digiri yake ya udokotala inali yokhudza zithunzi ziwiri za Botticelli, wojambula wa ku Florence m'dziko la Italy. Ena ankagoma ndi nkhope zokongola, iye maso anali pa tsitsi louluzika ndi nsalu zokupizidwa ndi mphepo. Mphepo imeneyi yachokera kuti? Anapeza kuti ojambula a ku Florence a m'zaka za m'ma 1400 akafuna kuonetsa mtima wotakasika ankabwereka mayendedwe a thupi pa ziboliboli zakale za Agiriki ndi Aroma. Kuyambira pamenepo ankalondola phazi la zithunzi, mmene zimasamukira kuchoka ku mtundu wina kupita ku wina, tanthauzo n'kusintha m'njira. Mu 1895 anapita ku America ku ukwati wa mng'ono wake Paul, koma anapitirira mpaka ku Arizona kukaonerera magule a Ahopi, umodzi mwa mitundu ya eni nthaka a ku America.

Nkhondo yoyamba ya padziko lonse inamusokoneza mutu. Anadwala mu 1918, ndipo mu 1921 anakagonekedwa ku chipatala cha dokotala wa matenda a maganizo, Ludwig Binswanger, ku Kreuzlingen, m'dziko la Switzerland. Mu 1923 anaima pamaso pa madokotala ndi odwala anzake n'kukamba za mwambo wa njoka wa Ahopi, pofuna kuwatsimikizira kuti nzeru zake zabwerera. Chaka chotsatira anatuluka.

Kunena zoona, Warburg sanalembe mabuku ambiri. Kwa ine, buku lake lenileni ndi laibulale imene anaikhazikitsa ndi mabuku omugulira aja. Sankasanja mabuku motsata zilembo ayi. Anali ndi chimene ankachitcha lamulo la mnansi wabwino: buku limene mukulifunadi si limene mwabwerera, koma loyandikana nalo pashelefu. Choncho la nyenyezi linkagundana ndi la mankhwala, la zikondwerero ndi la malonda, ndipo maganizo ake akasintha ankasamutsanso mabuku (omuthandiza ake, Fritz Saxl ndi Gertrud Bing, ayenera kuti ankatopa naye). Ntchito yake yomaliza, Mnemosyne Atlas, inali matabwa okutidwa ndi nsalu yakuda, pamene ankapachikapo zithunzi za ziboliboli, ndalama zachitsulo, masitampu ndi zodula m'nyuzipepala, n'kumazisuntha kuti aone ubale wake. Anamwalira mu 1929 matabwa ali 63, zithunzi pafupifupi 1,000, ntchito isanathe.

Za London tsopano. Hitler atatenga boma mu 1933, Saxl ndi anzake anaona kuti laibulale ya Myuda siikhalitsa. Mu Disembala chaka chomwecho mabuku pafupifupi 60,000, mashelefu ndi mipando yomwe, zinakwezedwa m'sitima ziwiri za pamadzi kupita ku England. Mu 1944 laibulaleyi, imene ndi Warburg Institute mumaionayo, inakhala mbali ya University of London. Mukapeza chilolezo cholowamo, mudzipatse nthawi yokwanira, chifukwa mabuku akadali osanjidwa mwa nzeru ya Aby ija ndipo mumadzitengera nokha pashelefu.